Sizoni iti ya Mind Your Language inaposa zinzake? Mu Lusaka mlanduwu sunathe

Ku Britain, kumene sewero la Mind Your Language linapangidwa, akuluakulu a wailesi yakanema analithetsa mu 1979, ndipo ambiri kumeneko amalitchula mwamanyazi. Mu Lusaka likadali ndi moyo. Ingotchulani dzina la Mr Brown mu babashopu pa msika wa Kabwata, kapena m'minibasi yopita ku Chelstone anthu akuweruka, muona amene anapitirira zaka 40 nkhope zikuwala. Wina ayamba kutsanzira mayankhulidwe a Ali, wina a Juan, wina akwinya nkhope ngati Miss Courtney. Posakhalitsa funso lija lidzuka: pa masizoni anayi a seweroli, yokoma koposa ndi iti? Likadzuka funsoli, ometedwa amaiwala kuti ali pa mzere.

Funsoli ndi laling'ono msinkhu poyerekeza ndi sewerolo. Pa nthawi imene anthu a mumzinda uno ankalionera pa wailesi yakanema ya boma, panalibe wowerenga masizoni. Kanema anafika mu Zambia mu 1961, kuyambira ku Kitwe, ndipo anadzafika mu Lusaka mu 1965. Kwa zaka zambiri tchanelo inali imodzi yokha, ya Zambia Broadcasting Services, imene mu 1988 inasanduka ZNBC. Inkatsegulidwa madzulo n'kutsekedwa usiku, ndipo chimene a ku Mass Media Complex, pa msewu wa Alick Nkhata, aika tsiku limenelo, mzinda wonse unkaonera chomwecho: m'nyumba za mipanda ku Kabulonga ndi ku Woodlands, komanso m'mafulati a ku Kabwata, kumene ana a makomo angapo ankathithikana pansi kwa mnansi mmodzi amene anali ndi TV. M'mawa mwake nkhani kusukulu ndi kuntchito inali imodzi.

Kuwerenga masizoni kunadza ndi ma DVD amene anyamata ankagulitsa m'makhonde a Cairo Road ndi pa msika wa Town Centre, ndipo kenako kunadza YouTube pa foni. Apa mpamene anthu anaona kuti sewero limene ankalidziwa ngati chinthu chimodzi lili ndi poyambira, pakati ndi pothera, ndiponso kuti ena amene ankawayesa eni kalasi anangokhalamo sizoni imodzi n'kupita. Munthu akakhala ndi zonse m'manja, amayamba kusankha.

Kwa amene sanalionepo, nkhani yake ndi yosavuta. Linalembedwa ndi Vince Powell, linapangidwa ndi London Weekend Television, ndipo linayamba kuonetsedwa pa 30 Disembala 1977. Barry Evans ndiye Jeremy Brown, mphunzitsi wachinyamata wofatsa amene walembedwa ntchito yophunzitsa Chingerezi kwa alendo pa sukulu ya akuluakulu ya madzulo mu London. Pamwamba pake pali Miss Courtney, amene anaseweredwa ndi Zara Nutley, mayi wosaseka ndi munthu ndiponso wosakhulupirira kuti mwamuna angagwire ntchito n'kuimaliza. M'kalasi muli anthu 10: Ali wa ku Pakistan, Ranjeet ndi Jamila a ku India, Giovanni wophika wa ku Italy, Max wa ku Greece, Juan wogulitsa m'bala wa ku Spain, Anna wa ku Germany, Danielle wa ku France, Su-Lee wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa China, ndi Taro wa ku Japan. Panja pa kalasi pali Sid wosamalira sukulu ndi Gladys wogulitsa tiyi. Ku Britain sewero limeneli linafika poonedwa ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni.

Otsutsana ambiri ali kumbali ya sizoni yoyamba, ndipo mfundo zawo n'zolemera. Ndiyo yaitali pa masizoni atatu a London Weekend, ya magawo 13, ndipo imayenda ngati chaka cha sukulu: imayamba ndi phunziro loyamba, anthu asakudziwana n'komwe, n'kukathera pa mayeso. Magawo amene anthu amawafotokoza mosakayika, ngakhale patapita zaka zambiri asanawaonenso, ambiri ali m'menemu. Muli usiku uja kalasi yonse inatsekeredwa m'sukulu. Muli tsiku lija Mr Brown anagona ndi chimfine, ophunzira n'kumabwera mmodzimmodzi kunyumba kwake, aliyense ndi mankhwala a kwawo, wodwala n'kumavutika ndi chifundo cha anthu kuposa ndi matenda. Aliyense amene anadwalapo m'komboni, azakhali ndi anansi n'kumasinthana pakhomo ndi mizu, mandimu ndi malangizo, safuna womumasulira gawo limenelo. Muli Jamila atagwidwa ndi katundu wa m'sitolo chifukwa anamva molakwika mawu otsatsa malonda n'kuyesa kuti zinthuzo n'zaulere. Muli Ranjeet akuthawa ukwati umene makolo anamukonzera.

Ndipo muli gawo lachiwiri, limene kwa ife lili ndi kulemera kwina. Woyendera sukulu abwera kudzaona mmene Mr Brown akuphunzitsira. Popeza ndi munthu wakuda, Mr Brown amuyesa wophunzira watsopano wochokera ku Africa, n'kumukhazika m'kalasi pamodzi ndi enawo. Woseweredwa ngati wopusa pamenepo si Mwafirika ayi, ndi mphunzitsi Wachingerezi amene anaona khungu n'kuganiza kuti wadziwa zonse. Amene anasewera woyendera sukuluyo ndi Gyearbuor Asante wa ku Ghana, yemwe pambuyo pake anatchuka ngati Matthew m'sewero la Desmond's. Anthu amene anakula nthawi imene m'masitolo ena a Cairo Road munthu wakuda ankagulira pa zenera, gawo limenelo ankaliseka ndi mtima wina.

A sizoni yachiwiri, ya 1978, sagonja msanga. Iwo amati yoyamba inali yongophunzira kuyenda, koma yachiwiri ndi pamene osewera anazolowerana, aliyense akudziwa pomwe mnzake aponde. Imayamba ndi nkhani imene aliyense amene analembapo mayeso amaimvetsa: ophunzira onse 10 alephera, ndipo abwereranso ku kalasi yomwe ija, kwa mphunzitsi yemwe uja. Mwabwera anthu awiri atsopano, Zoltan wa ku Hungary amene sadziwa ngakhale liwu limodzi, ndi Ingrid wa ku Sweden amene kukongola kwake kwautsa nsanje mwa Danielle. Muli ulendo wa pa basi umene unasokonekera kuyambira pa chiyambi. Komabe magawo ake ndi 8 okha, ndipo apa mpamene a sizoni yoyamba amawagwirira: ngati inali yokoma chomwecho, bwanji mukaifotokoza mumangotchula Ingrid?

Ochepa, koma olimba pakamwa, ndi a sizoni yachitatu, ya 1979. Amakumbutsa za tsiku lija ophunzira anapezeka m'khoti Mr Brown n'kumawayankhulira, ndi tsiku lija iye anali m'chipatala iwo n'kumva kuti wamwalira. Mfundo yawo yamphamvu ndi Jamila. Mayi ameneyu, amene anaseweredwa ndi Jamila Massey, poyamba ankangokhala kumbuyo akuluka, osatha kunena chiganizo chimodzi. Pofika sizoni yachitatu akuyankhula, akuyankha, akutsutsa. Pa kalasi yonseyo ndiye yekha amene timamuona akuphunziradi. Amayi ambiri a mu Lusaka amene anabwera kutauni potsata amuna awo, n'kuphunzira chiyankhulo cha mumzinda pa mpopi ndi pamsika, ulendo wa Jamila amaudziwa. Mfundo imeneyi sindiipeputsa.

Sizoni yachinayi ilibe owuimira ambiri, ndipo ena amakana kuti iliko. Inapangidwa pakati pa 1985 ndi 1986 ndi kampani ina yapadera, osati London Weekend, ndipo mmodzi wa oiyendetsa anali Albert Moses, yemwe uja ankasewera Ranjeet. Inali ndi magawo 13, kufikitsa onse pamodzi pa 42. Mr Brown, Miss Courtney, Giovanni, Juan, Anna, Ranjeet ndi Ingrid anabwerera. Koma Dino Shafeek, amene ankasewera Ali, anali atamwalira mu 1984, ndipo Ranjeet wopanda Ali anasowa wokangana naye. Ma DVD ovomerezeka ali ndi masizoni atatu oyambirira okha, n'chifukwa chake achinyamata ambiri sanaionepo yachinayi. Barry Evans mwini wake sanapezenso ntchito yaikulu m'masewero. Anadzakhala woyendetsa takisi ku Leicestershire, ndipo anamwalira mu 1997.

N'chifukwa chiyani sewero la alendo a mu London linakhazikika chonchi mumzinda umene uli kutali ndi London? Chifukwa Lusaka nayenso ndi kalasi ya alendo. Eni nthaka ndi Asoli ndi Alenje. Enafe tinachita kubwera, wina ku Chipata, wina ku Kasama, wina ku Mongu, wina ku Monze, wina ku Solwezi, ena ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Congo, ena makolo awo anachokera ku Gujarat n'kudzatsegula masitolo ku Kamwala. Dziko la mitundu 73 linasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo kuyambira mu 1966 mwana ankaphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira giredi 1. Zinadzasintha mu 2014, pamene makalasi oyambirira anayamba kuphunzitsidwa m'ziyankhulo za m'deralo, koma amene akukangana mu babashopu aja anali atadutsa kale. Iwo anakula nthawi imene kuyankhula chiyankhulo cha mayi ako pa bwalo la sukulu kunali mlandu wokwapulidwa nawo. Amadziwa thukuta limene limatuluka mphunzitsi akakuloza kuti uimirire uwerenge, mawu uli nawo m'mutu koma lilime likukana. Ambiri makolo awo ankaweruka ku ntchito n'kupita ku sukulu ya usiku kuti apeze satifiketi imene atsamunda sanawapatse mpata woipeza. Akamaseka Juan akulephera kumva funso, akuseka munthu amene akumudziwa bwino. Kwa eni kulibe mkuwe, anatero akale, ndipo m'kalasi ya Mr Brown muli anthu akuluakulu, olemekezeka kwawo, amene chiyankhulo cha eni chawabweza ku umwana.

Pali chinanso. Chimene chinathetsa seweroli ku London Weekend ndi chiganizo cha Michael Grade, mkulu wa mapulogalamu panthawiyo, amene anaona kuti likunyoza mitundu ya anthu: Mtaliyana ndi Mgiriki okonda akazi, Mjeremani wouma mtima, Mtchaina wongotchula mawu a Mao. Munthu wa mu Lusaka akamva zimenezi kawirikawiri amadabwa, chifukwa iye mikangano ya Ali ndi Ranjeet amaiwerenga ngati chimbuya. Kuno Mbemba ndi munthu wa kum'mawa amanyozana poyera, uyu akunenedwa za anyani, uyo za mbewa, ndipo Mtonga ndi Mlozi amachitanso chimodzimodzi. Pamaliro ambuya ndiwo amaphika, amakumba manda, amathira anamfedwa ufa kumutu n'kuwaseketsa ali m'misozi. Kunyozana kumeneku kunathandiza dziko lino kukhala pamodzi. Choncho Ali akamunena Ranjeet, kenako mavuto atagwa n'kuthandizana, woonera wa ku Chelstone amati awa ndi ambuya basi.

Ndikumvetsa kawerengedwe kameneka, koma sindikavomereza konse. Pa chimbuya pakamwa pali paeni: Mbemba amanena zake, Mngoni amabweza zake, ndipo onse awiri ali ndi ufulu wofanana. M'seweroli mawu a Ali ndi a Ranjeet omwe analembedwa ndi Mngerezi, kuti aseketse Angerezi, m'zaka zimene anthu ochokera ku Asia ankamenyedwa m'misewu ya mizinda ya ku Britain. Ndipo chidani cha awiriwo chinachokera pa kugawidwa kwa India ndi Pakistan mu 1947, pamene anthu zikwi mazanamazana anaphedwa. Michael Grade sanali wopusa. Munthu amene amalowa m'sitolo ku Kamwala n'kuyamba kuyankhula ngati Ranjeet kwa mwini sitolo amene anabadwira mu Lusaka, amene Chinyanja amachidziwa kuposa iye, sakuchita chimbuya. Akunyoza mnansi.

Nkhani yomweyi ndiyo imandipatsa yankho pa funso la masizoni. Ine ndili ndi a sizoni yoyamba, ndipo chifukwa changa si kuchuluka kwa magawo. M'sizoni yoyamba chiyankhulo chikadali vuto lenileni. Jamila wagwidwadi ndipo akhoza kumangidwa chifukwa cha mawu amene sanawamve. Mayeso akubweradi ndipo anthu akuwaopa. Kuseka kwake kukuchokera kwa anthu amene akuyesetsa ndi mtima wonse kuti amvedwe. Kuyambira sizoni yachiwiri, olemba anali atadziwa mawu amene anthu amawombera m'manja, ndipo anayamba kuwabwerezabwereza: Taro awerame, Su-Lee atulutse kabuku kake kofiira, Ranjeet apepese. Munthu akasanduka mawu amodzi obwerezedwa mlungu ndi mlungu, ndiye kuti mtundu wake wasanduka choseweretsa, ndipo zimene otsutsa seweroli ankanena zimayamba kuoneka zoona. Yachitatu ili ndi Jamila wake, koma nkhani zake zambiri zachoka pa bolodi, zapita kukhoti, kuchipatala ndi ku zisangalalo za sukulu, kumene sewero lina lililonse likadatha kupita. Yoyamba ndiyo ili ndi mtima.

Mayiko ena sanalekere pa kuonera. India anapanga lake lotchedwa Zabaan Sambhalke, America anapanga What a Country!, Kenya anapanga Classmates, Nigeria anapanga Second Chance. Mu Lusaka nthabwala za kusamvana kwa ziyankhulo sizinasowe ozichita. Bikkiloni ndi Difikoti anaseketsa dziko lonse ndi Chinyanja cha m'tauni, chija chosakaniza Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi chothyokathyoka, chimene kondakitala amakuwa pa Kulima Tower. Bob Nkosha anavala diresi n'kukhala Dorika. Asanabwere amenewa kunali masewero a Play Circle pa ZNBC, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sewero la Kabanana linachititsa anthu kuthamangira kunyumba madzulo kuti asaphonye. Tchanelo ya Zambezi Magic, imene inayamba mu 2015, inabweretsa Zuba ndi Mpali, ndipo achinyamata amakangana za masizoni a Mpali ndi mitala ya Nguzu wa m'menemo monga momwe makolo awo amakanganira za Mr Brown.

Apa mpamene mkangano wa mu babashopu umandisautsa mtima. Tikhoza kukangana za Mind Your Language mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera chifukwa umboni ulipo. Wina akati Zoltan analipo kuyambira pa chiyambi, mnzake atulutsa foni, nkhani yatha. Eni ake, ngakhale anachita nalo manyazi, anasunga masizoni atatu aja bwinobwino, gawo lililonse ndi dzina lake, tsiku lake ndi mayina a osewera. Nanga Play Circle? Funsani anthu omwe aja kuti chaka chake chokoma koposa chinali chiti. Aliyense akumbukira nkhope, akumbukira mmene bambo ake ankasekera, koma palibe wotulutsa foni n'kuonetsa mnzake magawo motsatana. Mwana wa zaka 20 wa ku Woodlands amamudziwa Miss Courtney wa ku London wa 1977, koma osewera amene ankaseketsa agogo ake, mu situdiyo imene ili pamtunda wosakwana ola limodzi kuyenda pansi kuchokera kwawo, sanawaonepo.

Kusunga n'kotheka, ndipo chitsanzo chili mumzinda mommuno. Kuyambira 1966 mpaka 1976 Julius Chongo ankasimba nthano zake pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza M'madzulo, yekha akusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mkazi, chilombo, mabanja atazungulira wailesi kuyambira ku Matero mpaka ku Lundazi. Mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo. Koma Ernst Wendland, mphunzitsi wa pa seminale ya mpingo wa Lutheran ku Chelstone, anakhala pansi ndi matepi a Chongo, n'kulemba nthanozo liwu ndi liwu, n'kuzisindikiza. N'chifukwa chake lero wophunzira wa pa UNZA akhoza kuwerenga Chinyanja cha Chongo n'kutsutsana ndi mnzake kuti nthano yoposa ndi iti. Ntchito imeneyo inafuna munthu mmodzi woleza mtima amene anaona kuti zoseketsa anthu wamba n'zoyenera kusungidwa.

Osewera a m'zaka za m'ma 1980 akutha mmodzimmodzi, ndipo tepi nayo ili ndi zaka zake. Ikakhalitsa imamatirira, chithunzi n'kufufutika. Makomo amene ali ndi TV m'dziko lino amalipira msonkho wa kanema mwezi ndi mwezi. Pempho langa kwa a ZNBC, kwa eni a Kabanana ndi kwa a National Archives of Zambia ndi lakuti chilichonse chimene chili m'mashelefu achisamutsire pa kompyuta tsopano, achiike motsatana ndi masiku ake ndi mayina a osewera, ndipo achionetsenso, ngakhale Loweruka masana. Ndipo inu amene muli ndi matepi a VHS m'sutikesi pansi pa bedi, amene bambo anu anajambula pa TV m'zaka zimenezo, musawataye posamuka. Apititseni kwa odziwa kuwasamutsa nthawi ikadalipo.